Talowa m'tauni ya Mangochi pa boti kuchokera ku Liwonde, alipo wina anayendapo njira imeneyi?

Nachisale (Zomba):
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani ya ulendo umene tinayenda sabata yatha, ndipo mtima sukundilola kuisunga ndekha. Ku Mangochi ndapitako kosawerengeka, koma nthawi zonse pa minibasi, kudzera pa Ulongwe, kutsikira pa depoti, kugula chambo n'kubwerera. Ulendo uno bambo a kunyumba ndi alamu anga anapangana zoti tichite hayala boti la injini pa Liwonde, tikwere ndi mtsinje wa Shire mpaka ku boma. Anachitira ine. Agogo anga aamuna, obereka mayi anga, ankagwira ntchito yosonkhezera nkhuni m'sitima za panyanja nthawi ya atsamunda, ndipo mpaka tsiku limene anatisiya sankati Mangochi ayi, ankati Fort Johnston. Ankakonda kunena kuti khomo la tauni imene ija lili kumtsinje, ife a pamsewu timalowera kuseri kwa nyumba. Ndili mwana sindinkamva chimene ankatanthauza.

Tinanyamuka cha m'ma 6 koloko m'mawa kumtunda kwa Kamuzu Barrage, nkhungu idakali pamadzi. Posakhalitsa tinalowa m'dera la Liwonde National Park, ndipo mvuu zake ndiye zosayamba. Mitu yokhayokha ili mbuu ngati miyala, ina kufwenthera madzi chapafupi. Woyendetsa ankazilambalala patali, maso ali pamadzi, osacheza ndi munthu. Njovu tinaona zitatu zikuthyola bango, ng'ona zili gone pamchenga kukamwa kuli yasa, migwalangwa ili ndandanda kutsidya. Mwana wanga wotsiriza anaika foni m'thumba yekha, osauzidwa.

Titalowa m'nyanja ya Malombe dziko linatseguka. Ukakhala pamsewu umaiyesa kadziwe, koma uli pakati pake mtunda umangooneka ngati kamzere. Komatu ndi yosaya: woyendetsa anamiza nsungwi n'kugunda pansi isanathe. Dzuwa litafika pamutu mphepo inadzuka, timafunde tating'onoting'ono koma taukali tinatinyowetsa tonse. Titadutsa pamenepo mtsinje unachepanso, tinayamba kuona amayi akuchapa, anyamata akusoka maukonde, mabwato akuwolotsa anthu ndi njinga zawo. Cha m'ma 3 koloko, titakhota pena, mlatho wa ku Mangochi unangoti tulukiru, nsanja ya mzikiti, kenako chipilala cha wotchi ndi mzinga wakale uli pafupi nacho. Zonsezi zimayang'ana madzi. Ndinakumbukira mawu a agogo ndipo misozi inalengeza. Ndiye ndati ndifunse, alipo wina anayendapo? Komanso odziwa mbiri atithandize, chifukwa tinafika titatopa ndipo zambiri tinangoziona ndi maso.

Tadala (Joni):
Mayi, mwandikhudza. Ine kwathu ndi ku Namwera, mlatho umenewo ndawoloka mwina kazana, pa kabaza, pa lole, wapansi. Tsiku limene ndimabwera kuno ku Johannesburg ndinadikira galimoto pafupi ndi chipilala chomwecho, chikwama chili pamwendo. Koma sindinaimepo n'kufunsa kuti mzinga uja ndi wa chiyani. Funso langa: kodi sitima ya Ilala imafika pamenepo? Ndikabwera pa Khirisimasi ndikufuna ndiyende pamadzi.

Bambo a Yamikani (Monkey Bay):
Ayi mwana wanga, Ilala sifika ku boma. Doko lake ndi kuno ku Monkey Bay, imanyamuka kulowera kumpoto, Nkhotakota, Likoma, Nkhata Bay mpaka Chilumba n'kubwerera. Sitima imeneyi inayamba kuyenda mu 1951. Zitsulo zake zinachokera ku Scotland, anadzailumikiza konkuno. Mu Shire singalowe, madzi ake ndi ochepa. Ulendo wa Mayi Nachisalewu ndi wa boti laling'ono, ndipo palibe boti loyenda tsiku ndi tsiku ngati basi, umachita kupangana ndi mwini wake.

Ndagwira ntchito ya pamadzi zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndinene izi poyera. Mayi, munachita mwayi pa Malombe. Mwezi uno wa Ogasiti mwera umakhala usanatheretu, ndipo nyanja yosaya ndi imene imavundukira msanga. Anthu amaopa nyanja yaikulu n'kumapeputsa Malombe, pamenepo ndi polakwika. Wofuna kuyenda anyamuke kusanache kwenikweni kuti adutse Malombe mphepo isanadzuke. Aliyense avale jekete lopulumutsira pamadzi, avale ndithu, osati kukhalira. Mafuta atengedwe oposa amene woyendetsa wanena, chifukwa ukukwera ndi mtsinje, injini imamwa. Namasupuni amakola pulopela, ndiye pakhale mpeni ndi nkhafi. Ndipo dzuwa likapendeka, kocheza. Usiku mvuu suiona, imakuona ndi iyo.

Nachisale (Zomba):
Zoona bambo. Majekete analipo koma awiri anali ong'ambika malamba, tinachita kumanga ndi chingwe. Mwini boti tinamuuza mosabisa kuti asadzanyamulenso anthu chotero. Komanso a Tadala, dziwani kuti podutsa m'paki pamakhala zolipira ndi chilolezo, mukambirane ndi mwini boti musanakwere kuti zimenezo zili kwa yani.

Aphunzitsi Gondwe (Rumphi):
Mayi Nachisale, agogo anu ananena zoona, ndipo mbiri ikuwaikira umboni. Tauni imeneyo inabadwa chifukwa cha mtsinje. Shire ndi mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanja ya Malawi, ndiye amene wagwira pakamwa pake wagwira njira yonse. David Livingstone anafika pa nyanja kudzera chigawo chomwecho mu Seputembala 1859, ndipo Malombe anailemba kuti Pamalombe, kusonyeza kuti anthu anamuuza kuti "pano ndi pa Malombe" iye n'kutenga zonse ngati dzina. Mu Okutobala 1875 sitima yoyamba ya moto, Ilala yoyambayo osati ya lero, inadutsa njira yomwe mwayendayi ili ndi Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia, kupita ku Cape Maclear. Anaiphwasula kumunsi kwa mathithi a Shire, anthu athu n'kuisenza pamutu zidutswazidutswa mpaka kumtunda, n'kuilumikizanso.

Linga la Fort Johnston analimanga mu 1891, dzina n'la Harry Johnston, ndipo patapita zaka zochepa anasamukira pamene pali boma lero. Chipilala cha wotchi ndi cha 1903, chokumbukira Mfumukazi Victoria amene anamwalira mu 1901. Mzinga umene a Tadala akufunsawo unachokera pa sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Kaputeni Rhoades anapita nayo ku Sphinxhafen, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukaombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ikukonzedwa. Zitatero nyanja yonse inakhala m'manja mwa Angerezi.

Koma ine chimene chimandiimitsa pamalo paja si mzinga. Pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946, kufupi ndi Chitimba kwathu kuno. Agogo anga aakazi anali mtsikana nthawi imeneyo, ankasimba za mitembo imene madzi analavulira kugombe ndi maliro opanda abale. Ndikafunsa ana m'kalasi za Vipya amandiuza za mapiri basi. Zimandiwawa.

Nachisale (Zomba):
Aphunzitsi, chikumbutsocho ndinachiona ndipo ndinawerenga. Agogo ankaitchula Vipya koma mwachidule, kenako n'kukhala chete. Ankati anzawo ena a ntchito anapita nayo. Sindinkadziwa kuti anthu ake anali ochuluka chotero.

Che Saidi (Mpondasi):
Sikomo kwejinji Mayi Nachisale potichezera, ngakhale simunatipeze pakhomo. Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma mwayambira pakati. Mukayamba ndi 1891 zikhala ngati Johnston anapeza tchire. Pano panali mudzi waukulu wa Mfumu Mponda, ndipo dzina la Mpondasi limene ndalemba pamwambapa likuchokera pomwepo. Livingstone yemweyo anagona kwa Mponda mu 1866. Linga lija analimanga dala moyang'anizana ndi Mponda kuti azimuona. Kuvuma kwa nyanja kunali Makanjira, amene anthu ake anapha Kaputeni Maguire mu Disembala 1891. Kumapiri a kwanu a Tadala kunali Jalasi, amene anagonja mu 1895, ndipo Angerezi anamanga linga lina paphiri la Mangochi. Makoma ake akadalipo mpaka lero. Dzina limene tauni ili nalo tsopano linatsika kuphiri kumeneko.

China chimene alendo sadziwa: sitima ya Chauncy Maples, ya mishoni ya Anglican, anailumikizira kwathu kuno kwa Mponda n'kuiponya m'madzi mu 1901. Dzinalo n'la bishopu amene anamira panyanja mu 1895. Ogwira nyundo ndi kusenza zitsulo anali makolo athu. Ndiye mukafika pa chipilala cha Victoria musathere pomwepo. Kwerani kabaza mubwere kumtunda kuno, mudzaone pamene mtsinje ukutulukira m'nyanja.

Nabanda (Dedza):
Che Saidi, ndi ulemu wonse, ndiloleni ndiikepo mawu amene mwina sakoma. Mwatchula Mponda, Makanjira ndi Jalasi ngati mafumu amene analimbana ndi azungu, ndipo n'zoona. Koma chuma cha midzi imeneyo chinali minyanga ya njovu ndi anthu. Anthu ake anali ife. Kwathu kuno agogo ankaloza mapanga m'mapiri amene ankabisalamo, ndipo pali mbumba zina zimene zinatha psiti. Ogwidwawo ankawawolotsa pa Shire pomwepo kapena panyanja, ulendo wa ku Kilwa ndi ku madoko ena a kunyanja yamchere, goli lili m'khosi. Ine nditaima pa mlatho uja chaka china, ndinayang'ana madzi n'kuganiza kuti pali wachibale wanga wina amene anawoloka pano akulira, osabwereranso. Pali chipilala cha mfumukazi imene sinapondepo dziko lino, pali mzinga wa nkhondo ya eni ake. Nanga awa?

Che Saidi (Mpondasi):
Achemwali, simunalakwe ndipo sindikutsutsani. Zinachitikadi, ndipo ife akuno sitiyenera kuzibisa. Ndingowonjezera kuti magazi anasakanikirana kalekale. Ayao asanafike cha m'ma 1860, m'mbali mwa mtsinje muno munali Anyanja. Agogo a mayi anga anali Mnyanja wogwidwa ali kamtsikana, anakulira m'nyumba ya amene anamugula n'kubereka ana momwemo. Ndiye ine ndikamakamba za wogulitsa ndi wogulitsidwa ndikukamba za makolo anga mbali zonse ziwiri. M'mabanja ambiri kuno zili choncho, kungoti anthu sakonda kuzitchula pagulu. Zoti pakhale chikumbutso cha anthu amenewo m'mbali mwa mtsinje, ine ndingakhale woyamba kusenza njerwa.

Nabanda (Dedza):
Zikomo bambo poyankha mofatsa. Ndimaopa kuti mundimva molakwa.

Aphunzitsi Gondwe (Rumphi):
Nonse awiri mwanena zimene buku la kusukulu limadumpha. Ndiikepo chimodzi pa mzinga uja. Nkhondo ya 1914 inali ya eni ake monga anenera a Nabanda, koma osenza katundu wake, amtengatenga, anali anthu akuda zikwizikwi, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Ambiri ankadutsira pa Fort Johnston pomwepo kukwera sitima zopita ku Karonga. John Chilembwe analemba kalata yodandaula za kufera nkhondo ya ena isanafike Januwale 1915. Ndiye mzinga uja tikamauona tiziona ndi mapewa a anthu aja.

Tadala (Joni):
Koma ndifunse ngati mwana. Ngati tauniyi inali doko lalikulu chotero, zinatha bwanji? Ine ndakula ndikuona mabwato ndi timaboti basi pamenepo.

Bambo a Yamikani (Monkey Bay):
Madzi ndi njanji, mwana wanga. Nyanja yathuyi imakwera n'kutsika pa zaka. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka, pakamwa pake panatsekeka ndi mchenga ndi bango. Sitima zimene zinkatsika mpaka Liwonde ndi Matope zinalephera. Ndiye mu 1935 njanji inafika ku Chipoka ndi Salima, katundu n'kuyamba kukwerera kumeneko. Kenaka ntchito za sitima zinakhazikika kuno ku Monkey Bay chifukwa doko lake ndi lakuya ndi lobisika ku mphepo. Boma linatsala ndi maofesi, msika ndi msewu. Ndi chifukwa chake masitolo atsopano onse afulatira mtsinje.

Za kukwera kwa madzi mwaziona nokha mu 2024, nyumba ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja zitalowa madzi. Anthu ankaloza chala Kamuzu Barrage, imene inamangidwa mu 1965 kuti madzi opita ku Nkula ndi malo ena opangira magetsi aziyenda mwa muyezo. Koma akatsegula kwambiri, akumunsi ku Chikwawa ndi Nsanje ndiye amalira. Mtsinjewu ndi umodzi, ukaukoka kuno umamveka uko.

Che Saidi (Mpondasi):
Zimene anena Bambo a Yamikanizi akuluakulu athu ankasimba. Ankati pa Malombe anthu analimapo chimanga ndi mpunga, n'kumayenda wapansi pamene Mayi Nachisale munamiza nsungwi paja. Madzi atabwerera minda yonse inamira.

Nachisale (Zomba):
Ndiye kuti tinadutsa pamwamba pa minda ya anthu osadziwa! Pa Malombe pomwepo tinapeza asodzi ali ndi maboti awiri atazunguliza khoka, mnyamata wina n'kudumphira m'madzi, kukhala pansi nthawi ndithu, kenako n'kuvuuka akupuma mwabefu. Woyendetsa wathu anati amakamanga khoka kunsi kuti nsomba zisathawe. Atakoka, zimene zinatuluka zinali tinsomba tating'ono tokhatokha, ndowa imodzi osadzaza. Nkhope za anyamata aja sindiziiwala.

Che Saidi (Mpondasi):
Imeneyo ndi nkacha, ndipo tinsombato ndi kambuzi. Ndili mnyamata Malombe inali nkhokwe ya chambo, ogula ankachokera ku Limbe ndi ku Zomba kudzadikira pagombe. Chambo chimaswana m'malo osaya, chimakumba timaenje pansi, mayi n'kusunga ana m'kamwa. Makoka a maso ang'ono anakokolola udzu wapansi ndi ana omwe, ena mpaka kugwiritsa masikito. Nyengo yotseka nyanja ilipo, makomiti a m'magombe alipo, koma munthu amene ana ake agona ndi njala ndi wovuta kumuuza kuti adikire. N'chifukwa chake anyamata athu ambiri ali kumene kuli a Tadala.

Tadala (Joni):
Zoona zake madala. M'nyumba imene tikukhala muno tilimo asanu ndi mmodzi, anayi ndi a ku Mangochi, awiri anali asodzi pa Malombe. Ndawawerengera zimene mwalembazi, wina wangoti zii kuyang'ana pansi.

Mai a Chikondi (Lilongwe):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndimaopa madzi, boti sindingakwere, koma ndikufuna kupita ndi ana pa holide. Kodi wofika pamsewu angaone chiyani tsiku limodzi, ndipo ana angasambe mumtsinjemo?

Nachisale (Zomba):
Mumtsinje ayi amayi, ng'ona zilimo ndipo likodzo liliponso m'malo a bango. Ana akasambe kunyanja pamalo pamene eni ake akuuzani. Koma zoona zilipo. Ife tinagona konko, m'mawa tinayamba ndi chipilala cha wotchi ndi mzinga, kenako Lake Malawi Museum imene ili chapafupi, m'nyumba yakale imene inali kalabu ya azungu. Muli zinthu za sitima ya Guendolen, za usodzi ndi za chikhalidwe cha Chiyao. Mukatuluka yendani wapansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, umene anatithandiza kumanga a ku Japan, mukaime pakati n'kuyang'ana kumtunda ndi kumunsi. Pamenepo mudzaona pang'ono zimene ife tinaona tili m'boti. Pitani m'mawa, chifukwa dzuwa la ku Mangochi likakwera ana safuna kuyenda. Nsima ya kampango tinadya pafupi ndi msika, ndipo thobwa lake linali lozizira bwino.

Che Saidi, ndili ndi pempho. Agogo ankanena za malo ena m'mbali mwa mtsinje pamene ankaunjika milu ya nkhuni zodikira sitima, ankati pafupi panali mlambe waukulu ndipo amayi ankabwera kudzagulitsa chinangwa chophika kwa ogwira ntchito. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi agogo aakazi. Kodi alipo wamkulu kwanuko amene angakumbuke malo otero?

Che Saidi (Mpondasi):
Milambe ilipo ingapo m'mbali muno, ndiye sindikufuna kukulozerani wolakwika. Koma kuli gogo wina kuseri kwa mzikiti wathu, maso anafooka koma mutu uli bwinobwino, bambo ake ankadula nkhuni za sitima. Ndikapita Lachisanu tikatuluka ku swala ndikamufunse. Munditumizire kumbali dzina la agogo anu ndi la mudzi umene agogo aakazi ankachokera, chifukwa iye amakumbuka anthu ndi midzi yawo.

Nabanda (Dedza):
Mukapangana tsiku mundiuze, ndidzabwera nawo. Ndikufuna ndidzaone powolokera paja ndili pamadzi, osati pamwamba pa mlatho.

Tadala (Joni):
Inenso mundiwerengere, ndifika pa 18 Disembala. Mafuta a boti ndithandiza.

Bambo a Yamikani (Monkey Bay):
Disembala ndi nthawi ya mvula ndi mpoto, ndiye za Malombe tisiye. Tidzakwerere pa mlatho pomwepo m'mawa, tikwere mtsinje pang'onopang'ono mpaka pakamwa pa nyanja n'kubwerera dzuwa lisanafike pamutu. Majekete ndibweretsa ine, asanu ndi atatu, ndi awiri a ana. Mai a Chikondi, inu mudzatidikire pa Mpondasi ndi Che Saidi, boti lidzakocheza pomwepo.

Che Saidi (Mpondasi):
Mpunga ndi nsomba mudzazipeza zitapsa. Gogo uja ndidzamukhazika pamkeka pansi pa mtengo wa mango kuti aliyense adzamufunse yekha.